Impso ya Mlongo Wake

Mwana wanga woyamba anayamba kutupa mapazi m'chaka chotsatira njala yaikulu ija, anthu asanaiwale fungo la madeya. Anali mphunzitsi wa pulayimale kufupi ndi Kamwendo, wosakwatira, wokonda kumvera mpira pa wailesi. Poyamba tinkati vuto ndi kuimirira tsiku lonse pa bolodi. Nsapato zitakana kulowa, nkhope nayo itafufuma mpaka maso kuchepa, tinapita naye kuchipatala cha pa Boma. Anamuyeza mkodzo ndi magazi n'kutilembera kalata ya ku Lilongwe, ndipo kumeneko anatiuza kuti impso zake zonse ziwiri zasiya kugwira ntchito.

Ine ndinagwira ukalaliki pa esiteti ya fodya zaka zambiri, ndipo ntchito imeneyo inandiphunzitsa kusataya pepala. Kalata ya pa Boma ndili nayo, makadi a kuchipatala ndili nawo, zotsatira za magazi ndili nazo. Zimene ndikulemba pano ndaziyang'ananso pa mapepalawo, sindikungozitola m'mutu.

Sindine wa kuno. Ndinabwera kudzagwira ntchito, n'kukwatira m'mudzi wina kuseri kwa Ludzi, ndipo ndinamanga nyumba pa dothi la apongozi monga amachitira mkamwini aliyense. Ana amene anakula ndi atatu: mphunzitsiyo, mlongo wake womuponda pamutu, ndi chitsirizira wamwamuna amene ankagulitsa m'sitolo ku Chipata. Mtsikana anali mmodzi yekhayo. Mng'ono wa akazi anga anamwalira wopanda mwana. Mwini mbumba, woyang'anira akazi anga ndi ana awo pa mwambo wa kuno, anali mchimwene wawo wamkulu, alamu anga. Sanali munthu woipa mtima. Mphunzitsiyo ali wamng'ono, iwo ndiwo ankamukweza pa njinga kupita naye kusukulu ya mishoni mvula ikagwa.

Ku Lilongwe mnyamata anayamba kuikidwa pa makina osefa magazi. Makinawo anali ochepa, odwala ambiri, ndipo aliyense ankadikira tsiku lake. Dokotala amene ankamuona anali mayi wosazungulira polankhula. Anatiuza kuti makina sachiritsa, amangogulira munthu nthawi. Chomupulumutsa chinali impso ya munthu wina, makamaka wa bere limodzi. Opaleshoni yotero inkachitikira kunja, ndipo panali njira yoti odwala ena atumizidwe kumeneko, koma choyamba ankafuna kudziwa ngati alipo wofanana naye.

Ndinafunsa kuti kufanana kwake n'kotani, poti onse atatu ndi a mayi mmodzi ndi bambo mmodzi. Dokotalayo anati tizigawo tonse ta thupi la munthu tili ndi zizindikiro zobadwa nazo, ndipo chitetezo cha m'thupi chimayang'ana zizindikirozo kuti chidziwe chake ndi chachilendo. Chikapeza chachilendo chimalimbana nacho mpaka kuchipha. Ndinamva msanga, chifukwa belo la fodya lopanda nambala ya esiteti yake sililandiridwa ku okushoni, ngakhale fodya wake akhale wokongola chotani.

Ana onse atatu anatengedwa magazi, ndipo timabotolo tinatumizidwa ku Joni. Dokotala anatifotokozera zimene zimachitika kumeneko. Makina amawerenga malangizo obadwa nawo amene ali m'magazi, n'kuwalemba ngati mizere ya zilembo, koma amawerenga zidutswazidutswa. Kenaka kompyuta imalumikiza zidutswazo n'kuzifananiza ndi kaundula wamkulu wa mitundu ya zizindikiro imene inapezekapo mwa anthu a m'maiko osiyanasiyana, ndipo imanena kuti munthu uyu ali ndi mtundu wakutiwakuti.

Yankho loyamba linabwera lopunduka. Wa ku Chipata sankafanana ndi mkulu wake ngakhale pang'ono. Mtsikana ankaoneka kuti akufanana naye, koma pa chizindikiro chimodzi kompyuta inalephera kusankha pakati pa mitundu iwiri. Dokotala anati izi zimachitika kawirikawiri ndi magazi ochokera kuno, chifukwa m'kaundulamo anthu a kwathu kuno ndi ochepa, ndipo zilembo zathu zina kompyuta sizizindikira bwino. Ndinakwiya nazo. Fodya wathu amamudziwa mpaka tsamba lililonse ndi giredi yake, koma magazi a olima fodyayo sanawalembe. Njira yothetsera chikaikocho inali kuyezanso makolo. Choncho ine ndi akazi anga tinakwera minibasi kukapereka magazi athu, ndipo tinadikiranso.

Yankho lachiwiri litafika, dokotala anatiitana tonse. Anayala pepala patebulo n'kutenga zolembera ziwiri, chofiira ndi chabuluu. Anati munthu aliyense ali ndi magulu awiri a zizindikirozi, lina lochokera kwa mayi, lina kwa bambo. Anazunguliza ndi chofiira zimene ana anatenga kwa mayi awo, ndi chabuluu zimene anatenga kwa ine. Mphunzitsi ndi mlongo wake anali atatenga gulu lomwelo kwa mayi awo ndi gulu lomwelo kwa ine. Wa ku Chipata anatenga magulu ena awiriwo.

"Kufanana koposa apa kulibe," anatero dokotala. "Mabanja ambiri amene ndimawaona sapeza mwayi wotere."

Ndinayang'anitsitsa mizere yabuluuyo. Zaka zonse zimene ndinakhala m'mudzi muja ndinkauzidwa kuti ana ndi a kuchikazi, ine ntchito yanga ndi kuwaveka ndi kuwaphunzitsa. Apa panali pepala lochokera kwa anthu osandidziwa, lonena kuti theka la mwana aliyense ndi ine.

Mtsikana sanadikire kufunsidwa. "Ndipereka," anatero. "Achimwene, musandiyang'ane choncho. Mukachira mudzandilimire munda wa mtedza."

"Munda wako uja wa nsangalabwi? Bola ndikhale pa makina," anayankha mnyamatayo, ndipo onse awiri anaseka.

Mayi awo sanaseke. Tili panja anati, "Tikawauze kaye achimwene anga."

"Kuwauza, inde," ndinatero. "Osati kuwapempha."



Alamu anga tinawapeza m'chigafa akusankha fodya. Mtsikana anali atakwatiwa chaka chapitacho ndipo anali asanaone mwana. Anakhala pansi pambali pa mayi ake, mwamuna wake anakhala pa mtondo wogwa cha pakhomo.

"Alamu, mwabwera ndi chikwama chanu," anatero mwini mbumba. "Tsiku lomaliza mudzakaonetsa malisiti kwa Mulungu inu."

Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira pa Boma mpaka Joni. Anamvetsera osandidula, manja akugwirabe ntchito. Nditatha anafunsa ngati impso ikachotsedwa imameranso. Ndinati ayi, koma dokotala wanena kuti munthu amakhala bwinobwino ndi imodzi, ndipo amayi ambiri abereka ali ndi imodzi.

"Adokotalawo ali nazo zingati?"

"Ziwiri, ndikuganiza."

"Eya."

Ndinatulutsa pepala lija n'kuwaonetsa zofiira ndi zabuluu. Ndinati pa nkhani iyi nanenso ndili ndi mawu, chifukwa ana awa theka ndi magazi anga, ndipo si ine ndikunena, ndi makina. Anapukuta manja pa buluku, analigwira pepalalo m'mbali mwaulemu, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Zabuluuzi ndaziona," anatero. "N'zokongola. Koma inu, alamu, mukadzamwalira abale anu adzabwera ndi galimoto kudzakutengani. Ana awa adzagona kumanda a kuno, pafupi ndi agogo awo. Mnyamatayu ndimamukonda, inu mukudziwa. Koma akachira adzapita kukamanga kwa eni, monga munachitira inu. Mudzi uno wobereka ndi uyu yekha. Akadulidwa n'kuuma, ife tathera pomwepa."

"Ndiye mukukana?"

"Ine sindikana. Masiku ano ndi a demokalase, munthu sakakamizidwa. Ndikungoti abereke kaye. Tione mwana, makamaka wamkazi. Akatero apite, ndidzamuperekeza ndekha pokwerera."

Ndinati mimba si chimanga choti tidziwe mwezi wokolola, ndipo makina aja sadikira. Anati Mulungu amene wamusunga mpaka lero amusungabe. Ndinatembenukira kwa mkamwini wanga, munthu amene anafika fomu folo, ndikuyembekeza kuti anenapo kanthu. Anati iye ndi mlendo pamudzi, atsatira zimene atsibweni anena. Akazi anga ankangoyang'ana pansi, akutolatola tizidutswa ta fodya.

Ndiyenera kunena bwino apa, chifukwa anthu a m'tauni akamva nkhaniyi amathamangira kunena kuti anthu akumudzi ankaopa opopa magazi kapena ufiti. Mphekesera zoterozo zinaliko masiku amenewo, koma alamu anga sanazitchule ngakhale kamodzi. Anamvetsa za makina, za kompyuta, za zizindikiro. Sanatsutse chilichonse cha pa pepala. Anangoyika mwana wanga wamwamuna mbali ina ya sikelo, mudzi mbali ina, ndipo mudzi unalemera. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'choti anachita zimenezi modekha, ngati munthu wogawa mbewu.

M'mawa wina ndinamupeza mtsikana akuchokera kudimba. Ndinamuuza kuti ndi munthu wamkulu, lamulo la dziko silifuna chilolezo cha atsibweni, tikwere minibasi tikayambe za pasipoti lero lomwe.

Anatula dengu. "Ababa, ndikapita osatsanzika, n'kukafera kumeneko, amayi adzakhala bwanji pamudzi pano? Nanga ndikabwera n'kusabereka? Adzati ndi inu. Adzakuthamangitsani, nyumba iyi mudzaisiya."

"Nyumba ndi njerwa."

"Kwa inu. Amayi alibe kwina." Anasenzanso dengu lija. "Mimba siichedwa, ababa. Ndikupemphera."

Mnyamata nditamuuza, anandiletsa kumukakamiza mlongo wake. Anati safuna impso yodzamulipiritsa moyo wake wonse ndi maso a anthu. Ndinamukalipira, ali chigonere pa bedi, mapaipi ali m'dzanja. Ndinati sindinamuphunzitse kuti adzafe ndi ulemu. Anangomwetulira n'kundipempha ndimugulire mabatire a wailesi.

Dokotala nditamufotokozera, anafunsa ngati angalankhule yekha ndi atsibweniwo. Alamu anga anapitadi ku Lilongwe, atavala jekete la kutchalitchi, atanyamula nthochi za wodwala, zimene wodwalayo sankaloledwa kudya. Dokotala anawauza kuti thupi lokhala nthawi yaitali pa makina limatha pang'onopang'ono, makamaka mtima, ndipo ikhoza kudzafika nthawi yoti opaleshoni isathekenso. Iwo anathokoza kwambiri, anati amva, ndipo anabwerera ndi maganizo awo omwe aja.

Mvula inagwa n'kutha mtsikana asanaime. Anthu a ndale anayamba kuzungulira ndi magalimoto a zimkuzamawu, akugawa nsalu ndi kulonjeza zipatala. Ndinalembera makalata angapo kwa ofuna mavotiwo, osati kupempha chithandizo, koma kufunsa ngati m'dziko la ufulu muli lamulo loteteza mwana kwa atsibweni ake. Makope ake ndili nawo. Yankho sindinalandire. Ndinapitanso kwa akuluampingo a m'mudzi mwathu. Anati ndi nkhani ya banja, ndipo banja pa nkhani yotere ndi alamu anga.

Mtsikana anaima chaka chotsatira. Akazi anga anandiuza akumwetulira, ngati nkhondo yatha. Ine ndinawerenga miyezi: ya mimba, kenaka imene dokotala anati mayi ayenera kupuma asanadulidwe. Mnyamata anali atasiya kale ntchito. Ankakhala kwa mbale wina wa mpingo ku Lilongwe kuti akhale pafupi ndi makina. Ndikapita kukamuona ndinkapeza khungu lake lachita phulusa, akukanda mikono mpaka kutuluka magazi. Madzi akumwa ankamuyezera m'kapu yaing'ono. Anayamba kugona chokhala, atatsamira khoma, chifukwa akagona chagada mpweya unkamuthawa. Sankadandaula. Ankangofunsa ngati mimba ya mlongo wake ikukula bwino, ndipo ankati mwanayo adzamuphunzitsa yekha masamu, chifukwa bambo ake anakhoza fomu folo mwa chisomo.

Kunabadwa mwana wamkazi. Tsiku lotuluka m'chikuta alamu anga anabwera ndi nkhuku, anamunyamula mwanayo, misozi ili m'maso. Kenaka anatembenukira kwa ine pamaso pa anthu.

"Alamu, mawu anga aja ndasunga. Akalimba mayiyu, apite akathandize mlongo wake. Ine ndavomera."

Amayi analulutira. Ine ndinalowa m'nyumba.

Miyezi yopuma itakwana tinapita ku Lilongwe, mtsikana ali ndi mwana kumbuyo. Mtsikanayo anamuyeza n'kumupeza ali bwino. Mnyamata anamujambula pachifuwa ndi kumuyeza mtima ndi makina ena. Dokotala anatiitanira m'chipinda chomwe chija, koma ulendo uno sanatenge cholembera chilichonse. Anati mtima wa mnyamata wakula ndipo wafooka. Sangapirire mankhwala ogonetsa, ndipo palibe chipatala kunja chimene chingavomere kumulandira.

Ndinafunsa ngati tingayezenso magazi, mwina kompyuta ipeze njira ina.

"Bambo, kufanana kuja kudakalipo," anatero. "Sikusintha mpaka imfa. Impso ya mlongo wakeyi ikanamukwana lero monga ikanamukwanira tsiku lija. Chimene chasintha ndi iyeyu."

Mtsikana anamasula mwana kumbuyo n'kumupereka kwa mayi ake, anatuluka panja. Mnyamata anafunsa ngati angaleke makina, apite kumudzi. Dokotala anamuuza mosabisa tanthauzo lake. Iye anati wamva, koma watopa ndi denga la chipatala.

Anakhala nafe masiku owerengeka. Tinkamukhazika pakhonde, pa mpando wanga wa ndalema. Ana asukulu amene anawaphunzitsa ankabwera kudzamuona, ena atakula kale. Alamu anga ankabwera tsiku lililonse, n'kukhala pambali pake akumuuza za mitengo ya fodya. Tsiku lina ndinamva mnyamatayo akunena kuti, "Atsibweni, mdzukulu wanu uja wafanana ndi inu mphuno. Mwamulakwira." Anaseka onse awiri. Ine ndinachoka, ndinapita kumunda wopanda chokachita. Anamwalira masana ena, mayi ake akumupukuta nkhope.

Pa maliro woyamba kulankhula m'malo mwa banja anali mwini mbumba, monga mwa mwambo. Anathokoza mpingo, anathokoza aphunzitsi anzake a malemu, anathokoza amayi ophika. Kenaka anafotokoza za matenda. Anati banja linayesetsa, magazi anapita mpaka ku Joni, mlongo wake anadzipereka, iwo monga atsibweni anavomera pamaso pa anthu, koma a chipatala anati sizitheka. Anati zonse ndi chifuniro cha Mulungu. Anthu anavomereza ndi mitu. Palibe liwu limodzi mwa mawu awo limene linali labodza, ndipo n'chimene chinandiimiritsa.

Woyendetsa mwambo anati, "Akuchimuna, mwachidule, dzuwa lapita."

Ndinayamba ndi mwezi umene yankho lachiwiri linafika. Ndinati pa nthawi imeneyo mtima wa mwana wanga unali wabwino, ndipo dokotala analemba choncho. Ndinati chilolezo chinabwera patapita mvula ziwiri. Ndinali ndisanafike pa za m'chigafa pamene mayi wina wa m'kwaya anayambitsa nyimbo, motsitsa, anzake n'kulandira. Ndinakweza mawu, iwonso anakweza. Amuna awiri a mpingo anabwera n'kundigwira m'mikono mofatsa, mmodzi akunong'ona kuti, "Pepani bambo, chisoni chimatero, khalani pansi." Anandikhazika pa benchi, ndipo bokosi linanyamulidwa nyimbo ili m'kati.

Pobwera kumanda mwana wanga wamkazi anandipeza kuseri kwa nkhokwe, kumene ndinapita kuti ndisapatsane moni ndi anthu. Mwana anali kumbuyo, akugona. 

"Ababa, tsiku lija ndikuchokera kudimba," anatero. "Mukanangondigwira dzanja n'kundikweza minibasi."

Ndinamukumbutsa kuti ndinamupempha, ndipo iye anakana. Ndinamubwerezera mawu ake onse, za amayi ake, za nyumba.

"Ndikudziwa," anatero. "Ndikungonena."

Anakonza nsalu ya mwana paphewa n'kubwerera kwa amayi anzake kukatsuka mbale za anthu a pamaliro.